Kukankha liwiro la i5-2500K pansi pa malata ku Area 25: zolemba za momwe ntchito ikuyendera

Loweruka, 4 Okutobala 2025

Lero ndayamba ntchito yomwe ndakhala ndikuizengereza chiyambire Julayi. Kompyuta yomwe ndimaeditira makanema a maukwati ndi zinkhoswe yayamba kundichepera. Ino ndi nyengo yomwe Loweruka lililonse kumakhala ukwati, anthu akuthamangira kumanga banja mvula isanagwe, ndipo eni ukwati safuna kudikira milungu itatu kuti aone kanema wawo. Kurenda (kutulutsa kanema womalizidwa ndikatha kueditako) kanema wa maola atatu kukunditengera maola oposa anayi, ndipo magetsi akathima pakati, ndiye kuti ndiyambirenso. Ndalama yogulira makina atsopano palibe chaka chino. Choncho ndaganiza zoikankha pulosesa yomwe ndili nayoyi kuti izithamanga kuposa liwiro lomwe inabwera nalo, zomwe a makompyuta amazitcha overclocking.

Pulosesayo ndi Intel Core i5-2500K, ya m'banja la Sandy Bridge lomwe linatuluka mu Januwale 2011. Ili ndi makore anayi, omwe ali ngati timapulosesa tinayi mkati mwa imodzi. Liwiro lake lokhazikika ndi 3.3 GHz, ndipo makore onse anayi akakhala pantchito imakwera yokha kufika pa 3.4 GHz. Ija ya 3.7 yomwe ogulitsa amakonda kutchula imafikidwa kore imodzi yokha ikamagwira ntchito. Chilembo K kumapeto kwa dzinalo chimatanthauza kuti multiplier yake sinakiyidwe. Liwiro limapezeka pochulukitsa base clock ya 100 MHz ndi multiplier, ndiye 34 amapereka 3,400 MHz, ndipo ukamukweza kufika pa 44 wapeza 4.4 GHz. Base clock ndaisiya momwe iliri, chifukwa pa Sandy Bridge inamangiriridwa ku PCIe ndi SATA, moti ukaisuntha kwambiri ukhoza kuwononga mafayilo pa hard drive. Motherboard yanga ndi ya chipset ya Z77, yomwe imalola kusintha multiplier. Makompyuta ambiri a mu ofesi omwe amabwera a kaunjika amakhala ndi chipset ngati H61 kapena Q67, ndipo pamenepo ngakhale utaikapo pulosesa ya K, khomo limakhala lotseka.

Ndisanakhudze kalikonse ndalemba malire awiri patsamba loyamba la kope. Volteji ya pulosesa, yomwe mu BIOS (pulogalamu ya pa motherboard yosinthira makonzedwe a kompyuta) amaitcha Vcore, isapitirire 1.35 V. Kutentha kwa kore iliyonse kusapitirire madigiri 80 pa mayeso olemetsa. Manambala awiriwa si a Intel. Ndi omwe anthu omwe akhala akukankha Sandy Bridge kwa zaka zambiri amawaona kuti ndi abwino pa makina ogwira ntchito tsiku ndi tsiku. Ena amalola mpaka 1.40, koma ine ndatsikirako dala, poti kompyutayi ndiyo imagula ufa pakhomo pano.

Kenako ndinayeza momwe makina alili ndisanawasinthe. Ndaika CPU-Z yoonera liwiro ndi volteji, HWiNFO yoonera kutentha kwa kore iliyonse, ndi Prime95 yolemetsera pulosesa. Ndadulanso kachidutswa ka kanema ka mphindi 10, ka nthawi ya perekaniperekani, kuti kakhale muyeso wanga mwezi wonse. Kurenda kachidutswaka kwatenga mphindi 14 ndi masekondi 20. Prime95, pa mayeso ake olemetsa kwambiri otchedwa Small FFTs, yakweza kutentha kufika madigiri 88 m'mphindi zosakwana 10, ndipo apa n'kuti sindinawonjezere chilichonse. Choyezera kutentha chomwe ndapachika pakhoma chimaonetsa 31. Ndiye zoti ndilowe mu BIOS lero zalephereka. Malire anga ndawapitirira kale ndisanayambe n'komwe.

Lolemba, 6 Okutobala

Ndatsegula bokosi la kompyuta pakhonde. Msewu wa kwathu ndi wa dothi, ndipo chiyambire Ogasiti galimoto iliyonse ikadutsa fumbi limalowa mpaka kuchipinda. Pansi pa fani ya pulosesa panali fumbi lofiira lomwe linagwirana ngati bulangeti, loti ndinalichotsa ndi zala lili lathunthu. Nditazula heatsink, chitsulo chokoka kutentha pa pulosesa, thermal paste yomwe imapakidwa pakati pa ziwirizi inali itauma gwa, ikusendeka ngati nkhoko za mumphika. Ndapukuta ndi isopropyl, osati spiriti ya pepo ija ya m'magolosale chifukwa imasiya utoto, ndipo ndapaka paste yatsopano. Fani ndimaigwira ndi chala popemerera kuti isazungulire yokha.

Prime95 tsopano ikufika 79. Madigiri 9 atsika ndi burashi ya penti ndi paste yatsopano basi. Koma kakula (cooler, choziziritsira pulosesa) ka Intel komwe kanabwera ndi pulosesayi kanapangidwira mawati 95 a pulosesa yosakankhidwa. Sikangapirire zomwe ndikufunazi.

Lachinayi, 9 Okutobala

Ndinakwera minibasi kupita m'tauni kukasaka kula yaikulu. Nditazungulira mashopu angapo cha ku Area 2, ndinapeza Cooler Master Hyper 212 yogwiritsidwapo kale ntchito kwa bambo wina wokonza makompyuta. Ndi ya mtundu wa nsanja, ya mapaipi anayi a kopa ndi fani ya mamilimita 120, ndipo zomangira za soketi ya LGA1155 zinali zonse.

Nditawafotokozera cholinga changa, bamboyo anayamba andiyang'ana kaye. "Achimwene, pulosesa ya 2011 mukufuna muithamangitse? Chabwino, imeneyo ndi yolimba. Koma power supply yanu ndi yotani?" Ndinawauza kuti ndi ya mawati 500, ya kampani yodziwika, yolemera ndithu m'manja. "Bola," anatero. "Zomwe zimandipeza pano zitapsa, zambiri si pulosesa. Ndi ma power supply opepuka ngati chitini chopanda kanthu, olembedwa 600 pamwamba. Tsiku lomwe aphulika amatenga ndi motherboard yomwe."

Ndakhala ndikuganizira mawu amenewa ulendo wonse wobwerera, ndipo ndiwalembe bwino pano chifukwa anthu ambiri ndikawauza kuti ndikuwonjezera volteji amaganiza za magetsi a pasoketi. Pakhoma pamabwera mavolti 230. Power supply imawatsitsa kufika pa 12. Kenako timabokosi tating'ono tozungulira soketi ya pulosesa, totchedwa VRM, timatsitsanso 12 uja kufika cha pa 1.2. Nambala yooneka yochepa, yosafika ndi ya batire ya tochi yomwe. Koma pulosesa ikamadya mawati 95 pa mavolti 1.2, ndiye kuti mukudutsa ma ampere pafupifupi 80, kudzera m'timapini towonda ngati tsitsi, kulowa m'kachidutswa ka silicon kokula ngati chikhadabo. N'chifukwa chake kuwonjezera 0.05 V si nkhani yaing'ono.

Kula ndaimanga madzulo. Ya mtundu umenewu mapaipi ake amakhudza pulosesa mwachindunji ndipo pakati pawo pali timipata, ndiye paste ndapaka timizere tiwiri towonda m'malo mwa kadontho kamodzi pakati. Zomangira ndamanga mopingasa, pang'onopang'ono, monga timamangira manati a tayala. Prime95 pa liwiro lakale: madigiri 64, chipinda chili pa 30. Tsopano malo alipo.

Loweruka, 11 Okutobala

Kulowa mu BIOS koyamba. Ndinayamba n'chinthu chomwe ambiri amachita, kuti ndione ndi maso anga: multiplier pa 44, volteji n'kuisiya pa Auto. Windows inayaka bwinobwino. Koma nditayatsa Prime95, CPU-Z inaonetsa 1.37 V. Ndinazimitsa nthawi yomweyo. Motherboard ikakhala pa Auto cholinga chake n'chakuti kompyuta iyake basi, ndipo imathira volteji yochuluka kuti isalephere. Munthu amene wangokweza multiplier n'kusangalala kuti zatheka akhoza kukhala miyezi pa volteji yomwe sanasankhe yekha, osadziwa.

Ndinabwerera n'kuika pa Manual. Multiplier 40 pa 1.20 V yadutsa ola lathunthu la Prime95. Multiplier 42 pa 1.20 inapirira mphindi 12, kenako kore yachitatu inasiya ntchito, Prime95 n'kulemba kuti yapeza yankho lolakwika. Windows sinagwe, nyimbo zimalirabe, koma masamu anali atayamba kale kusokonekera mkati. Kusokonekera kwa mtundu umenewu ndi komwe kumandiopsa kwambiri, chifukwa kukhoza kulowa mu kanema wa munthu ine osaona. Pa 1.24 V, 42 yadutsa.

Apa ndinaonanso zomwe amati Vdroop. Mu BIOS ndalemba 1.24, koma pulosesa ikalemedwa CPU-Z imaonetsa 1.20 kapena 1.21. Si vuto la motherboard. Intel inakonza dala kuti volteji izitsika pang'ono ntchito ikachuluka, n'cholinga choti ntchitoyo ikatha mwadzidzidzi, volteji isadumphe kupitirira muyeso VRM isanadzikonze. Mu BIOS muli Load Line Calibration yochepetsa kutsikaku. Ukaiika pamapeto penipeni nambala imaoneka yokhazikika bwino pa sikirini, koma kudumpha kwa kamphindi kuja kumakula, ndipo n'kofulumira kwambiri moti mapulogalamu athuwa sakuona. Ine ndaiika pakati. Kuyambira lero manambala onse omwe ndizilemba ndi omwe CPU-Z ikuonetsa pulosesa ili pantchito, osati omwe ndalemba mu BIOS.

Pali samu imodzi yomwe ndailemba pachikuto cha kope. Kutentha komwe pulosesa imatulutsa kumakwera molingana ndi liwiro, koma kumbali ya volteji kumakwera molingana ndi volteji yochulukitsidwa ndi iyo yomwe. Kuchoka pa 1.20 kufika pa 1.30 ndi kuwonjezera 8 peresenti yokha, koma kutentha kumawonjezereka ndi 17 peresenti. Ukaphatikiza ndi kukwera kwa liwiro kuchoka pa 3.4 kufika pa 4.4, pulosesa ikhala ikutulutsa kutentha pafupifupi kamodzi ndi theka poyerekeza ndi kale. Kula ija ndiyo iyenera kusenza zonsezo.

Lachiwiri, 14 Okutobala

Lero ndi tsiku lomwe Microsoft yasiya kuthandiza Windows 10, ndipo 2500K siili pa mndandanda wa mapulosesa ovomerezeka pa Windows 11, womwe kwa Intel umayambira pa m'badwo wachisanu ndi chitatu. Kompyutayi ndaichotsa pa intaneti. Izikhala yoeditira basi, zotumiza ndizitumiza ndi laputopu.

Usiku ndayesa 44. Pa 1.27 V kunabwera sikirini ya buluu, ya nambala 0x124, WHEA_UNCORRECTABLE_ERROR, yomwe pa ntchito ngati iyi kawirikawiri imatanthauza kuti volteji yachepa. Pa 1.285 inapirira mphindi 40 n'kugwanso. Pa 1.30 yadutsa maola atatu, kuyambira 10 koloko usiku mpaka 1 koloko. Kore yotentha kwambiri inafika 75. Ndagona mtima uli m'malo, ndikuganiza kuti ntchito yatha.

Lachitatu, 15 Okutobala

Ntchito sinathe. Lero ndi holide ya Tsiku la Anakubala, ndiye ndinali pakhomo masana onse, ndipo titadya nsima ndinati ndibwereze mayeso a dzulo. Inali 2 koloko, dzuwa likuswa mtengo, nyenje zikulira m'mitengo ya kuseri, malata akuchita kuthetheka. Nyumba yathu ilibe siling'i. Choyezera cha pakhoma chinali pa 34, pomwe dzulo usiku chinali pa 24.

Multiplier yomweyo, volteji yomweyo, mayeso omwewo. M'mphindi 15 kore yachiwiri inali pa 85.

Ndinakhala phee kuyang'ana nambalayo. Palibe chodabwitsa mukaganiza bwino: kula siipanga kuzizira, imangosamutsira kutentha mu mpweya wa m'chipinda. Mpweyawo ukakwera ndi madigiri 10, pulosesa imakweranso ndi madigiri 10 omwewo. Koma kudziwa ndi kuona n'zosiyana. Manambala ambiri omwe ndawerengapo okhudza pulosesayi analembedwa ndi anthu a ku Ulaya ndi ku America, omwe zipinda zawo zimakhala cha pa 20 kapena 22. Munthu wa ku London akanena kuti 4.5 GHz imamupatsa madigiri 72, ine pansi pa malata mu Okutobala ndiyenera kuwonjezerapo 12 kapena kuposa. Ndiponso Lilongwe ili pamtunda wa mamita oposa 1,000 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, mpweya wake ndi wopepukirako, ndiye fani yomweyo imanyamula kutentha kocheperako pang'ono kusiyana ndi kugombe. Kusiyanako sikwakukulu, koma kuli kumbali yondipweteka.

Kodi 85 ndi yoopsa? Pulosesa siingapse lero ayi. Malire a Intel a 2500K, otchedwa TjMax, ali pa madigiri 98, ndipo ikafika pamenepo imadzichepetsera yokha liwiro, ikapitirirabe imazimitsa kompyuta. Pali nambala inanso, 72.6, yomwe imasokoneza anthu ambiri. Imeneyo ndi Tcase, kutentha kwa pamwamba pa chivindikiro chachitsulo, osati kwa mkati mwa makore komwe HWiNFO imaonetsa. Ndiye munthu akaona 75 asachite mantha kuti wapitirira 72.6. Komanso asaone 98 ngati chilolezo. Imeneyo ndi buleki ya pangozi, si liwiro loyendera tsiku lililonse.

Chomwe chimawononga pulosesa yokankhidwa n'chapang'onopang'ono. Mkati mwake muli timawaya tosaoneka ndi maso, ndipo magetsi akamadutsa mwamphamvu amakankha tizidutswa ta chitsulocho kuchoka pamalo pake, zomwe amazitcha electromigration. Zimafanana ndi momwe madzi a mvula amadyera msewu wathu wa dothiwu: tsiku limodzi suona kanthu, koma pofika Febuluwale pali chigwembe. Volteji yokwera imakulitsa mphamvu ya madziwo, kutentha kumafewetsa dothilo. Ziwirizi zikakumana, kudyekako kumafulumira. Chizindikiro chake n'chakuti pulosesa yomwe imadutsa mayeso pa 1.30 imayamba kufuna 1.33 pa liwiro lomwelo, kenako 1.36, ndipo sizibwerera m'mbuyo.

Lamulo latsopano m'kope: mayeso onse otsimikizira azichitika pakati pa 1 ndi 4 koloko masana. A usiku sakuwerengedwa.

Loweruka, 18 Okutobala

Kunabwera mwana wa achemwali anga, yemwe akuphunzira za makompyuta ku koleji. Ataona kope langa anati, "Ankolo, mukuiopa kwambiri. 2500K anthu amaifikitsa pa 5 GHz. Ndiponso Intel yomwe inalemba kuti imafika 1.52."

Akunena zoona mbali zonse ziwiri, koma zoona zake zili ndi mchira. Alipodi omwe anafika 5 GHz, ambiri mwa iwo ndi kula ya madzi, volteji yoposa 1.4, ndi pulosesa yomwe inangobadwa yabwino. Mapulosesa awiri a dzina limodzi, ochokera mufakitale imodzi, safuna volteji yofanana. Wina amafika 4.6 pa 1.30, wanga pa 1.30 akuima pa 4.4. Za 1.52 zilidi m'chikalata cha Intel, koma ndi nambala yapamwamba kwambiri yomwe pulosesa ingapemphe kwa VRM. Palibe pomwe analonjeza kuti ukhoza kukhala pamenepo zaka uli pa 4.8 GHz m'chipinda cha madigiri 34.

Komabe ndinalola kuti tiyese 46, ndipo ndikulemba pano poyera kuti ndinaphwanya lamulo langa. Pa 1.35 Windows inayaka koma inagwa ndi sikirini ya buluu ya 0x101 Prime95 itangoyamba. Pa 1.38 inapirira mphindi zitatu. Pa 1.40 inaima, koma kutentha kunakwera ndikuona, 86, 89, 91, ndipo pa mphindi yachisanu ndi chimodzi kore yachiwiri inali pa 93, fani ikulira moti mayi a kunyumba anasuzumira pakhomo n'kufunsa kuti, "Abambo, mwatsegula chigayo?" Ndinaimitsa. Tinangorenda kachidutswa ka muyeso kamodzi kuti tikhale ndi nambala: mphindi 10 ndi masekondi 50.

Tinakhala pansi ndi cholembera. Kuchoka pa 4.4 kufika pa 4.6 ndi liwiro lowonjezera losakwana 5 peresenti. Kuchoka pa 1.30 kufika pa 1.40, kuphatikiza liwirolo, ndi kutentha kowonjezera pafupifupi 21 peresenti. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndipo masitepe omalizawa ndi momwemo: aliyense amaoneka pafupi, koma mtengo wake umaposa wa yemwe wapita.

Ndinamukumbutsanso mphwangayo kuti nkhani ya volteji yagwetsapo ndi eni ake opanga mapulosesa. Mu 2024 Intel inavomereza kuti mapulosesa ena a m'badwo wa 13 ndi 14 ankawonongeka chifukwa chopempha volteji yokwera kwambiri, ngakhale kwa anthu omwe sanakankhe kalikonse. Mu Ogasiti chaka chomwecho anatulutsa microcode ya 0x129 yoletsa kupempha kuposa 1.55 V, n'kuwonjezera waranti ndi zaka ziwiri, koma pulosesa yomwe inali itadyeka kale sinachire ndi pulogalamuyo. Mu Epulo 2023 ma Ryzen 7000X3D ena anapsa m'soketi, ndipo AMD inaika malire a 1.3 V pa volteji ya SoC. Izi zikusonyezanso kuti 1.35 wangayu si wa aliyense. Sandy Bridge inapangidwa pa 32 nm, timawaya take ndi tonenepako. Mapulosesa atsopano ndi opyapyala kwambiri mkati ndipo malamulo ake ndi ena, moti Ryzen 7000 inapangidwa dala kuti izifika madigiri 95 ikalemedwa. Ngakhale Ivy Bridge ya 2012, yomwe imalowa m'soketi yomweyi, imatentha mosiyana chifukwa pansi pa chivindikiro chake anaikapo paste pomwe Sandy Bridge anawotcherera. Yemwe akuwerenga izi ali ndi pulosesa ina asakopere manambala anga.

Mnyamatayo ananyamuka akunenabe kuti ndi kula ya madzi zikanatheka. N'kutheka. Ndabwezera pa 44.

Lachiwiri, 21 Okutobala

Magetsi anathima mayeso ali mkati. Atabwera madzulo, kompyuta inayaka mafani okha, sikirini bii. Mtima unagunda. Ndinazula pulagi, n'kuchotsa kabatire ka CR2032 ka pa motherboard, n'kudikira mphindi zingapo. Nditayeza kabatireko kanali pa 2.4 V m'malo mwa 3, ndiye ndagula katsopano pa shopu ya mawotchi. Kompyuta yayaka, BIOS itabwerera pa zoyambirira zonse. Kope landipulumutsa, chifukwa nambala iliyonse inali yolembedwa, ndipo m'mphindi 10 zonse zinali m'malo. Tsopano ndasunganso profile mu BIOS momwemo.

UPS yanga, yomwe imasunga kompyuta ili yoyaka magetsi akathima, ndi yaing'ono, ndipo pulosesa ikamadya kwambiri mphindi zomwe imandipatsa zimachepa. Batire yake yatopanso. Ndaika pa mndandanda wa zogula ukwati wa pa 25 Okutobala ukandilipira.

Lachisanu, 24 Okutobala

Sabata ino ndalimbana ndi mpweya, osati BIOS. Tebulo linali logundana ndi khoma la kumadzulo, lomwe pofika 3 koloko limakhala lofunda ukaligwira. Ndalisamutsira kukhoma la mkati, ndipo bokosi ndalichotsa pansi n'kuliika pa tebulo kuti lisamakoke fumbi la pasimenti. Kutsogolo ndawonjezera fani yolowetsa mpweya, n'kutchingapo ndi kansalu ka neti yakale ya udzudzu yochapa bwino. Mawaya omwe amalendewera pakati ndawamangira kumbali.

Ndinagwiranso ka heatsink ka VRM mayeso ali mkati, ndipo chala sichinapirire masekondi atatu. Kakula ka Intel kaja kamapemerera pansi, mpweya wake n'kumafika pa VRM. Ya nsanjayi imapemerera kumbuyo, ndipo VRM imatsala yopanda mphepo. Ndamangirirapo kafani ka mamilimita 80 koyang'ana pamenepo.

Zonsezi zachotsa madigiri awiri kapena atatu. Multiplier 44 masana ikufikabe 82 kapena 83, pamwamba pa malire anga. Ndatsikira pa 43, yomwe yadutsa pa 1.27 V. Maola atatu a Prime95 kuyambira 1 koloko, chipinda chili pa 34: kore yotentha kwambiri 79.

Ndasinthanso kuchoka pa Manual kupita pa Offset, SpeedStep ili yoyatsa. Pa Manual pulosesa imalandira volteji yonse ngakhale ndikungolemba risiti. Pa Offset ikakhala chabe imatsikira pa 1.6 GHz ndi volteji ya cha pa 1.0, n'kukwera pa 1.27 ntchito ikafika. Apa pamafunika kuyesanso kompyuta ili chete, chifukwa offset ikatsika kwambiri imagwa pomwe sikugwira ntchito. Ndaisiya usiku wonse ili yoyaka popanda chochita, ndipo m'mawa ndinaipeza ili moyo. Volteji ya RAM ili pa 1.5 momwe DDR3 imafunira. Mavolteji ena a pulosesa, VCCIO ndi VCCSA, sindinawakhudze. Internal PLL Overvoltage ndaisiya yozimitsa, poti imafunika pa ma multiplier apamwamba okha.

Loweruka, 1 Novembala

Ntchito yeniyeni yoyamba. Kanema wa ukwati wa Loweruka lathali, wa maola atatu, ndinamuyamba kurenda 12 koloko masana dala. Watha m'maola atatu ndi mphindi 28. Kale akanatenga maola anayi ndi mphindi 18. Kachidutswa ka muyeso tsopano kakutenga mphindi 11 ndi masekondi 33. Ndikanakhala pa 4.6 ndi 1.40 V, kanema yenseyu akanatha msanga ndi mphindi 13 zokha kuposa apa.

Kutentha pa nthawi yorenda sikunapitirire 72, poti kurenda sikulemetsa ngati Prime95. Mu HWiNFO mzere wa WHEA, wowerenga zolakwika za m'makina, ukuonetsa 0. Kanemayo ndamuonera yense pa TV ya pabalaza, kuyambira ku tchalitchi mpaka kudula keke, ndipo palibe pomwe chithunzi chasweka kapena mawu kudumpha. Eni ake abwera kudzatenga Lolemba.

Cha m'ma 4 koloko kumwamba kunada mbali ya kum'mawa, mphepo n'kuyamba kuulutsa mapepala mumsewu, ndipo kunagwa kamvula kokwanira kupha fumbi. Nditamva bingu loyamba ndinazimitsa n'kuzula pulagi pakhoma. Patatha ola choyezera chinali chitatsika kuchoka pa 33 kufika pa 26.

M'kope ndajambula mizere ya miyezi isanu ndi umodzi. Tsiku loyamba la mwezi uliwonse ndizichotsa kaneti kutsogolo n'kukachapa, kenako ola limodzi la Prime95 pa 2 koloko, n'kulemba zinthu zitatu: kutentha kwa chipinda, kutentha kwa kore yachiwiri, ndi volteji yomwe CPU-Z ikuonetsa. 43 ikadzayamba kulephera pa 1.27, ndidzatsitsa multiplier, osati kukweza volteji. Profile ya 44 pa 1.30 ndaisunga mu BIOS pa dzina lakuti Juni.